Wakuba Wobwera ndi Masawu

Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zimene Binwell Mkwate anagwira ntchito yaupolisi, akuba anawaona amitundumitundu, koma onse ankafanana pa chinthu chimodzi: ankabwera chimanjamanja n'kuchoka atasenza. Wakuba wobwera ndi katundu wake anali asanamuonepo. Anakamuonera kwawo kwenikweni, m'mudzi mwa Kaphwereza, kumapiri a Neno, m'mawa wa Lachinayi lina m'mwezi wa Juni.

Mtembo unagona chagada pampata wa mpanda waminga wozungulira munda wa manachesi. Anthu anali ataufunditsa chitenje, ndipo anaima chapatali, manja kumbuyo, kudikira a boma. Binwell, amene tsopano anali wofufuza milandu ku Neno boma, anagwada n'kuvundukula kumutu. Ha! Imvi zinali zitachuluka, masaya atalowa, koma chipsera cha pachibwano chinali chomwe chija. Anali a Ackim.

Abale inu, a Ackim! Munda wonsewu anadzala ndi iwowa, mtengo umodziumodzi, ali mkamwini m'mudzi muno. Binwell ali ndi zaka khumi anagwidwapo ndi dzanja lomweli, lomwe tsopano linali litauma gwa, ataunjika manachesi m'malaya. Tsiku limenelo anadziwa kuti wafa basi. Koma a Ackim sanathyole ndi kamkwapulo komwe. Anangomupatsa ndowa, amvekere: "Thirira mbande izi sabata yathunthu, udziwe thukuta la nachesi." Sabata itatha, akazi awo, mayi Jessie, anamusenzetsa dengu lodzaza kuti akadye ndi amake. Fungo la makoko m'zala, nkhungu ya m'mawa, mayi Jessie akuseka pakhonde, zonsezo zinamubwerera nthawi imodzi, moti anayamba watsokomola kaye kuti apolisi awiri amene anabwera nawo asamuone m'maso.

Chimene chinawapha sichinathawe, chinali pomwepo. Kuseri kwa mpanda kunali mfuti yachikale, gogodela, itamangidwa pa mphanda ziwiri, mpope utaloza pampata. Chingwe chinachoka pa mfutiyo n'kudutsa mpatawo chapansi, moti wolowa ankadziwombera yekha ndi phazi lake. Binwell anaima pafupi ndi mpope: unamufika pachifuwa. Anagwira mphanda zija: zinali zaziwisi, utomoni ukadali kudontha. Ndipo mfutiyo inamangidwa ndi malegeni, mphira zija amadula ku chubu chakutha n'kumangira katundu panjinga.

M'dzanja la malemu munali duku lobiriwira, lofwifwa ndi ukale, lomangidwa ngati kathumba. Mbali ina linali litamasuka, ndipo masawu anamwazika m'fumbi. Masawu si a kumapiri kuno. Ndi zipatso za kuchigwa kotentha, ku Chifunga ndi ku Lisungwi.

"Bwana, nkhani yatha iyi," anatero wapolisi mmodzi. "Wakuba wakumana nazo, ndipo mwini mfuti wavomera kale."

"Wakuba wanji wobweretsa masawu?" anafunsa Binwell. "Nanga wavomerayo ndani?"

"Madala ena ake, a Laimoni."

Binwell anatsinzina. Mwa mayina onse a pansi pano, limenelo ndilo sankafuna kulimva.

*

Nyumba yoyandikana ndi munda inali ya a Margret, mayi amene pakamwa pawo sipankagwa ntchentche. Anamulandira ngati wabwera kudzacheza.

"Iii, Binwell, mwana wa Nachisale! Wanenepa bwanji! Boma limadyetsa, eti? Amako akanakuona... koma ndisalire kawiri lero. Khala apa, mpandowo ndi wothyoka mwendo, utsamire khoma."

"Amayi, munamva chiyani m'mawa?"

"Ndinamva? Ndinalumpha! Kunja kutangoyera kumene, ine ndikumasula mbuzi, ndingomva phuu! Ndinati tayala la lole laphulika, koma lole kuno ilowera kuti? Ndithamangire uko, ndipeze munthu gone. Nditi ndione nkhope, mayo ine, alamu anga a Ackim! Anali akupumabe pang'ono. Anandiyang'ana, milomo ikugwedera, kenaka zii."

"Panali munthu wina pafupi?"

"Ndi mbalame yomwe panalibe. A Laimoni anabwera pambuyo, akudzikoka ndi ndodo, nyamakazi inawamaliza aja. Chrissy, mwana wamkazi wa malemuwa, anali kumjigo, amayi asanu akuchitira umboni. Mchimwene wake Nathan ndiye kulibe n'komwe, ananyamuka dzulo dzuwa litapendeka ndi lole ya manachesi, wa ku Blantyre. Aliyense anali kwina, mwana wanga. Mfutiyo inadziwombera yokha."

Binwell analemba. Zoonadi, pa mlandu uwu kufunsa kuti unali kuti kunali kutaya nthawi, pakuti chingwe chimagwira ntchito mwini wake ali kutali.

"Kodi a Ackim anachoka liti m'mudzi muno? Ine ndinali ku Karonga nthawi imeneyo."

A Margret anasendera pafupi, mawu n'kutsika. "Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, Jessie atamwalira. Pa tsiku lowasudzula, loti mkamwini azibwerera kwawo, iwo anapempha kuti munda uwu azidyako nawo, poti anadzala ndi manja awo. Apo ndiye moto unabuka. A Laimoni, monga mlongo wa Jessie, mwini mbumba, anaimirira pamaso pa anthu: 'Unabwera ndi khasu, nyamula khasu lako. Nthaka ndi ya ana a mlongo wanga. Ukadzaponda m'munda muno ndiwe wakuba.' Tangoganiza! Anthu oti ankasaka limodzi, kudyera mbale imodzi. A Ackim anangotola chipewa, ulendo wa kwawo ku Chifunga. Nathan anali mnyamata wa zaka makumi awiri, anaima kumbali ya amalume ake. Mpaka lero bambo ake sawayendera."

"Ndiye kuti a Laimoni ndi a Ackim anali pa udani?"

"Mudzi wonse ungakuuze zomwezo." A Margret anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndipo ukamva wina akunena kuti a Laimoni achita dala, usadabwe. Ayamba kale kunong'onezana."

*

A Laimoni anakhala pakhonde atavala jekete la kutchalitchi, kabulangete katapindidwa pamiyendo. Anali atakonzekera ulendo. Binwell atawaona anamva chisoni chosaneneka. Bambo ake a Binwell anamwalira iye akukwawa, ndipo munthu amene anamutenga kupita naye kuthengo, kumuphunzitsa kuwerenga mapazi a nyama ndi a anthu, anali mkulu ameneyu. Upolisi wake wonse unayambira kumbuyo kwa a Laimoni, m'mame a m'mawa. Lero anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, zala zitapindika ngati mizu ya chinangwa. Ndende sakanakhalamo ndi chaka chomwe.

"Muli bwanji, bambo?"

"Usataye nthawi ndi moni, Binwell. Lemba. Mfuti ndi yanga. Ndatchera ndine. Tiye."

"Munatchera chiyani?"

"Nguluwe."

"Nguluwe yofika pachifuwa panga?"

Mkuluyo anayang'ana kuphiri. "Ndiye lemba kuti ndinatchera munthu."

Binwell anatseka kabuku. "Bambo, mundimvetse. Kusunga gogodela popanda chilolezo ndi mlandu kale. Kutchera nguluwe n'kuphedwa munthu ndi mlandu waukulu, komabe woweruza amaona kuti simunafune. Koma kutchera munthu, ngakhale akhale wakuba wotheratu, ndi kupha mwadala. Lamulo limakulolani kuthamangitsa wakuba, kumugwira, ngakhale kulimbana naye akakuukirani. Silikulolani kumupha chifukwa cha zipatso. Mukasayina mawu amenewa simudzabwereranso kuno."

"Ndamva. Sukulu yako ndi yabwino. Lemba."

"Munaimika liti mfutiyo pampata paja?"

"Dzulo."

"Munali ndi ndani?"

"Ndekha."

"Mfundo za udzu munamanga kuti?"

Apa a Laimoni anaphethira kawiri. Kanali kanthu kakang'ono, koma Binwell anaphunzitsidwa ndi iwo omwe kuti nyama imagwidwa ndi kaudzu kamodzi kopindika.

"Ndinaiwala," anatero mkuluyo.

Bodza! Binwell anaimirira. Munthu uyu akanatha kuiwala dzina lake, osati mfundo za udzu.

*

Alenje a kumapiri kuno anali ndi lamulo lawolawo, lakale kuposa la ku boma. Binwell ankalikumbukira ngati pemphero: msampha wa mfuti umayeza ndi bondo lako, osapitirira, ndipo usanachoke umamanga mfundo zitatu pa udzu wa m'mbali mwa njira, uku ndi uku, kuti wodutsa adziwe kuti kutsogoloku kuli imfa. "Nyama siwerenga, munthu amawerenga," ankatero a Laimoni. Tsiku lina a Ackim anaiwala mfundo imodzi yokha, ndipo a Laimoni sanawalankhule masiku atatu.

Pampata paja panalibe mfundo ngakhale imodzi. Binwell anazungulira mpanda n'kutsetserekera kumunsi, kukamtsinje, kumene a Laimoni anali ndi kadimba ka chinangwa. Nguluwe zinali zitafukula mizere iwiri, mapazi ake mbwee m'matope. Ndipo taonani: m'mbali mwa kanjira, mfundo zitatu uku, zitatu uko, zomangidwa mwaluso, udzu ukadali wobiriwira. Patsogolo pake panaima mphanda ziwiri zazifupi, zofika m'bondo. Luzi limene linamangira mfuti linkalendewera pomwepo, litadulidwa ndi mpeni.

Anawerama. M'matope munali mapazi a nkhwayira za tayala, ngati zimene malemu anavala. Mapaziwo anachokera kutsidya, anafika pa mfundo zija, n'kuima, onse awiri pamodzi. Kenaka anakhota n'kukwera chitunda kulowera kumpata.

Binwell anakhala pansi pamwala. Kalanga ine! A Ackim anawerenga. Anaona mfundo za mnzawo, anadziwa kuti mfuti ili kudimba, ndipo anailambalala monga mlenje wodziwa mwambo. Anakwera mtima uli m'malo, osadziwa kuti mfundo zatsala kumunsi koma mfuti yasamukira kumtunda.

Atabwerera pampata anayang'anitsitsa minga. Wakuba akaboola mpanda amathyola nthambi mwachisawawa. Apa nthambi zinali zosadzidwa bwinobwino, zipsera zina zakale zakuda, zina za chaka chino. Mpata uwu wina ankausamalira ngati khomo la nyumba. Analowa n'kuwerenga mapazi khumi kufika pamtengo waukulu kuposa yonse, umene ankaukumbukira bwino: woyamba kudzalidwa, umene anthu ankautchula kuti mtengo wa Jessie. Mkati mwa masamba, pobisika, panapachikidwa kansengwa kakang'ono, kopanda kanthu, kakudikira.

*

Binwell anamupeza Chrissy kuseri kwa nyumba ya siwa, maso atatupa, mwana kumsana. Ankayankha mawu awiriawiri, ngati akuwatola pansi.

"Pepani, mlongo wanga. Ndifunse pang'ono chabe. Kodi akuba amavutadi m'munda muja?"

"Kawiri chaka chino. Mitengo isanu ndi umodzi anapulula, ndi aawisi omwe. Analumphira mbali ya kumsewu."

"Nathan anatani?"

"Anakadandaula kupolisi ku boma. Anamuuza kuti galimoto ilibe mafuta."

Dandaulo limenelo Binwell ankalidziwa. Pepala lake analiona ndi maso ake mwezi wa Meyi, ndipo analitsindika ndi kapu ya tiyi. Anali iye amene ananena za mafutazo.

"Mwamuuza za malirowa?"

"Ndinamuimbira foni. Koma amalume anati imfa ya kholo sauzirana pafoni munthu ali paulendo, angadzigwetse m'galimoto. Ndiye ndinangoti, achimwene, bwerani msanga, msampha wagwira munthu."

"Anati chiyani?"

Chrissy anayamba kugwedeza mwana amene sankalira n'komwe.

"Chrissy, anafunsa kuti ndani?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Anafunsa kuti, wafa?" Misozi inayambiranso. "Nditati eya, anati, 'Aphunzira.' Foni n'kuduka. Akuti akwera minibasi, afika dzuwa likamapendeka. Bwana, achimwene si munthu woipa. Anangotopa. Mundawu ndi umene umatidyetsa tonse."

Mfuti yoyezedwa ndi bondo imathyola mwendo. Munthu wofunsa kuti wafa ndi amene akudziwa pamene mpope unaloza.

*

Binwell anabwerera pakhonde paja atanyamula legeni limodzi ndi mpini wa khasu. Anaziika pamiyendo pa a Laimoni.

"Bambo, ndimangireni ili pampinipa. Mmene munamangira mfuti dzulo."

Mkuluyo anayang'ana mphirayo nthawi yaitali. Anaigwira, anayesa kukoka. Zala zinakana. Anayesanso, mano ali gwa, thukuta likutuluka pamphumi m'nyengo yozizira ngati imeneyo. Legeni linapulumuka n'kugwera pansi. Binwell anayang'ana kumbali, pakuti zimenezi zinamuwawa kuposa mtembo uja.

"Ndinakuphunzitsa kuti udzandisake ine?" anatero a Laimoni.

"Munandiphunzitsa kuti mapazi sanama. Ndapita kudimba. Ndaona mfundo zanu, ndaona mphanda zanu. Ndaonanso kansengwa mumtengo wa mayi Jessie."

Pamenepo nkhalamba ija inagonja. Inalira mosabisa, ngati mwana.

"Chaka choyamba atachoka," anayamba, "ndinapeza phazi lake pampanda. Phazi la Ackim ndingalisokoneze ine? Anathyola manachesi asanu okha, a mumtengo wa Jessie, oyamba kupsa. Panthambi anasiya masawu, akudziwa kuti ine masawu ndimafa nawo. Ndinatenga chikwanje kuti nditseke poboolapo. Ndinapezeka ndikukuza. Chaka chinacho ndinapachika kansengwa. Basi, zaka zisanu ndi zitatu. Iye amabwera kukamacha, manachesi akangoyamba kufiira, amathira masawu m'kansengwa, amadzaza duku la mkazi wake, amapita. Sitinaonanepo maso ndi maso. Sitinalankhulanepo. Koma Juni aliyense ndimadziwa kuti mlamu wanga ali moyo, ndipo iye amadziwa kuti ndinalapa."

"Bwanji simunamuuze Nathan?"

"Ndikanayamba bwanji? Ine amene ndinaima pabwalo n'kutchula bambo ake kuti wakuba? Manyazi, Binwell. Manyazi a munthu wamkulu ndi oopsa kuposa gogodela. Mwanayo anaona mpata, anati ndi njira ya akuba. Katatu anautseka, katatu ndinautsegula iye kulibe. Ndiye iye anati akubawo akumuderera." Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. "Tsono tandiuza, wapha ndani? Mfuti ndi yanga. Mawu oti wakuba ndi anga. Mpata ndinatsegula ndine. Mwanayo wangomanga mphira."

"Wachotsa mfuti pa nguluwe n'kuiloza pachifuwa cha munthu."

"Ali ndi ana atatu! Ine ndatsala ndi chiyani? Ndisiye ndikumane naye ndine poyamba. Ndimuuze kuti wafa ndani, ndimulamule atseke pakamwa. Amandimvera. Iwe ulembe zimene ndakuuza, legeni lakolo uponye m'chimbudzi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwana wanga. Ukaswa mkhatewu mbumba yonse ya Jessie imwera chiyani?"

Binwell anayang'ana legeni lija pansipo. Akanatha kutero, ndipo palibe akanadziwa. Woweruza akanalandira chivomerezo cha nkhalamba yodziwika kuti inali pa udani ndi malemu, mudzi ukanati tinanena ife, ndipo a Laimoni akanakafera m'ndende ndi dzina loti anapha mlamu wawo mwadala. Munthu woti zaka zisanu ndi zitatu wakhala akusadza minga kuti mnzake asalasidwe!

"Bambo," anatero potsiriza, "tsiku lija a Ackim anaiwala mfundo imodzi, munawauza chiyani?"

A Laimoni anawerama.

"Munati wotchera ndiye amasenza msampha wake, sasenzetsa mnzake. Ine ndinalipo, ndinanyamula thumba lanu."

Anatola legeni lija n'kuliika m'thumba. Dzuwa linali litayamba kupendeka.

*

Njira yochokera ku boma imalowa m'mudzi mwa Kaphwereza podzera pakamlatho ka mitengo, patali pang'ono ndi nyumba zoyamba. Binwell anakadikira pamenepo yekha. Pansi pa mlathowo ndi pamene ankasambira ali ana, akutaya makoko a manachesi m'madzi n'kumapikisana kuti la ndani lifika msanga pamwala. Madzi anali ochepa tsopano, ndipo mwalawo unkaoneka waung'ono.

Njinga yamoto ya kabaza inatulukira pakona. Amene anakwera kumbuyo anali mwamuna wamapewa otambalala, wa chibwano cha a Ackim chenicheni. Binwell anaimika njingayo, anauza wakabaza kuti abwerere, n'kudzitchula dzina ndi ntchito yake.

"Ooo, lero mafuta apezeka?" anatero Nathan, akuseka mwachipongwe. "Ife tikamaberedwa galimoto imakhala ilibe mafuta. Wakuba akafa ndiye mumathamanga."

"Pamenepo wanena zoona, ndipo ine ndine wolakwa. Koma tamvera, Nathan. Ndine wapolisi. Suli wokakamizidwa kunena kanthu, ndipo chimene unene ndichilemba, chikamveka kukhoti."

"Lembani! Ndibise chiyani? Munda ndi wathu, mpanda ndi wathu. Munthu sangateteze katundu wake?"

"Amalume ako akuti anatchera ndi iwo."

"Amalume?" Nathan anaseka kwambiri. "Amalume angamange mfuti ndi zala zija? Iwo anatchera nguluwe kudimba, ndipo mfundo zawo ndi ine ndinawathandiza kukoka. Dzulo masana ndinaichotsa ndekha, ndinadula mphanda zanga, ndinaiika pamene pamalowa nguluwe za miyendo iwiri. Musawavutitse amalume, sakudziwa kanthu."

Ndi mawu amenewo, a Laimoni anapulumuka. Binwell anayembekezera kuti mtima wake upepuka, koma unalemera ngati mwala wa mphero.

"Unayeza ndi chiyani kutalika kwake?"

"Ndi chifuwa changa."

"Mfundo za udzu bwanji sunamange?"

"Kuti wakuba awerenge? Bwana, mukuseka eti?"

"Nathan, chingwe chilibe maso. Pakanadutsa mwana wothamangitsa nkhuku? Pakanadutsa Chrissy?"

"Pampata paja sipadutsa wa kwathu. Katatu ndatseka, katatu atsegula. Ameneyo anali munthu wondiyesa chitsiru." Anamenya pachifuwa. "Inu mumalandira malipiro pakutha pa mwezi, mvula igwe isagwe. Ine ana anga amadya mitengo ija. Bambo anga anathirira mitengo ija ndi ndowa, kuchokera kumtsinje uko, mayi anga ali ndi pakati pa ine. Ndiye wina azingobwera n'kumapulula? Wakuba aliyense amadziwa kuti tsiku lina adzakumana nazo. Lamulo lanu likati ndalakwa, ndikalankhula pamaso pa woweruza, ndipo alimi onse a m'Neno muno akandiombera m'manja."

"Lamulo limati moyo wa munthu sungafanane ndi katundu. Wakuba amamangidwa n'kutuluka. Amene waphedwa satuluka."

"Ameneyo akanaganiza zimenezo asanalowe." Nathan anakonza chikwama paphewa. "Ndi wa mudzi uti? Ndikufuna ndikamuone nkhope."

Binwell anapisa m'thumba la jekete. Anatulutsa duku lobiriwira lija n'kuliyala pamtengo wa mlatho. Pakona pake panali magazi ouma. Masawu anagubuduka, awiri n'kugwera m'madzi.

Nathan analiyang'ana. Kuseka kuja kunazilala pang'onopang'ono.

"Duku la amayi ili," anatero chapansipansi. "Ankavala popita kumunda. Linasowa pamaliro awo. Mwalitenga kuti?"

Binwell anayang'ana masawu aja akutengedwa ndi madzi.

"Bwana, mwalitenga kuti? Masawuwa ndi a ku..."

Sanamalize. Mphepo inatembenuka kuchokera kumudzi, ndipo inabweretsa kulira kwa amayi a pasiwa. Pamwamba pa onse panamveka mawu amodzi owadziwa, a Chrissy: "Ababa ine! Ababa ine, mwandisiyira yani!"

Chikwama chinagwa. Nathan anagwira mtengo wa mlatho ndi manja onse, kenaka anakhala pansi m'fumbi.

"Ankabwera chaka chilichonse," anatero Binwell, atagwada pambali pake. "Manachesi asanu a mumtengo wa mayi ako, basi. Mpata uja ankatsegula ndi amalume ako, kutsegulira iwowo. Masawuwa anali a amalume ako."

Unyolo unali m'thumba, koma Binwell sanautulutse. Mlandu suwola, ukanadikira kuti mwana akaone nkhope ya bambo ake, monga anapempha yekha.

Nathan anatola sawu limodzi m'fumbi n'kulipukuta ndi chala. Atalankhula, mawu ake anali a kamwana.

"Anafika pamtengo wa amayi? Anathyolako?"

Binwell anafuna kunama. Mulungu ndi mboni, anafunitsitsa. Koma bodza limodzi anali atalikana kale tsiku limenelo.

"Ayi, Nathan. Anatsala mapazi khumi. Katundu wako ali bwinobwino. Silinasowe ngakhale nachesi limodzi."